Lilongwe Uti? Maina a Midzi Yathu pa Nkhani za pa Kanema

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo m'madera a kumidzi a boma lomweli anapeza anthu 1,637,583. Munthu amene amangoonera nkhani za madzulo pa wailesi za kanema za dziko lino sangakhulupirire ziŵerengero zimenezi. Pakuti woŵerenga nkhani akati "ku Lilongwe", maso athu anazoloŵera kale kuyembekeza Capital Hill, Nyumba ya Malamulo, kapena chipinda cha msonkhano m'hotela, m'mene akuluakulu andandalika kuseri kwa mabotolo a madzi. Lilongwe wina uja, wa Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu, amene amadyetsa mzindawo chimanga ndi mtedza, dzina lake linamezedwa ndi dzina la likulu.

Dandaulo lotere lilipo ngakhale kunja. Ku England wailesi ya kanema ya ITV inali m'manja mwa makampani a m'zigawo, iliyonse ndi dzina lake: Granada ku Manchester, Tyne Tees ku Newcastle, ndi ena otero. M'chaka cha 2002 maina ameneŵa anachotsedwa pa mapologalamu ambiri, natsalira makamaka pa nkhani za m'chigawo, ndipo mu 2004 Granada ndi Carlton anaphatikizana kukhala kampani imodzi. Anzathuwo akulira chimene anali nacho nachitaya. Ife kuno kanema wa chigawo wotero sitinakhalepo naye. Television Malaŵi inayamba mu 1999 ku Blantyre monga ya dziko lonse, ndipo patapita zaka zoposa khumi dzina lake linafafanizika pamene inaphatikizidwa ndi MBC. Times, Zodiak ndi zina zimene zinabwera pambuyo pake, nazonso zimalankhula kwa Malaŵi yense zili m'mizinda.

Tsono mudzi umaoneka bwanji pa kanema wotere? Kaŵirikaŵiri kamera imafika ku Kabudula itakwera galimoto ya amene waiitana, kaya ndi nduna yodzatsegula mlatho, kaya ndi bungwe lodzapereka mjigo. Motero nkhani imakhala ya mlendo. Amai amavina, mlendo amalankhula motalika, ndipo mfumu imapatsidwa kamphindi koti ithokoze. Eni mudzi asanduka ngati maluŵa okongoletsa guwa. Za mjigo womwewo ukadzathyoka mvula isanagwe, sitidzamva, chifukwa palibe galimoto yonyamula kamera kukaona mjigo wothyoka.

Njira ina imene mudzi umaloŵera pa kanema ndi tsoka, ndipo apa tiyenera kuima pang'ono. Mu Okotobala 2019, dziko lili pa mkangano wa chisankho, wapolisi anaphedwa ku Msundwe, ndipo apolisi atapita kumeneko, amai ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti anachitidwa chipongwe. Mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu linagamula kuti amai 18 apatsidwe chipepeso. Atolankhani anachita bwino posaileka nkhaniyi, ndipo sitikuchepetsa ntchito yao. Koma taonani chimene chinatsala m'makutu a anthu: dzina lachipongwe loti "Msundwe Barracks". Dera la alimi, la misika ndi masukulu, linapatsidwa chizindikiro ndi anthu odutsa pa msewu wa Mchinji, chifukwa linalibe pakamwa pake podzitchulira lokha. Mwana wa ku Mpingu wofuna ntchito mu mzinda amasenza dzina limene sanadzipatse.

Sitikunena kuti akonzi a nkhani ndi ouma mtima. Kutumiza kamera ku Nsaru kumadya mafuta, ndipo kalembera yemweyo wa 2018 anasonyeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zinali ndi magetsi, zambiri mwa izo za m'tauni. Otsatsa malonda amalipirira maso a anthu okhala ndi ndalama. Pa malo a malonda a kumidzi, kanema amene amadzaza anthu m'chisakasa ndi wa mpira wa ku England ndi mafilimu omasuliridwa m'Chicheŵa. Zonsezi tikuzimva. Komabe umphaŵi sungafotokoze chifukwa chake kamera ikafika, imayang'ana mlendo nifulatira mwini mudzi. Chimenecho nchizoloŵezi cha kakonzedwe ka nkhani, ndipo chizoloŵezi chimasinthika popanda ndalama.

Umboni wake uli pa wailesi ya mau. Pologalamu ya MBC ya Nkhani za m'Maboma inasekedwa ndi ophunzira ambiri kuti ndi ya ufiti ndi zigololo. Koma Harri Englund, m'buku lake la 2011 lotchedwa Human Rights and African Airwaves, anaonetsa kuti omvera ankatumiza okha nkhanizo, ndipo mwa izo ankadzudzula mafumu, aphunzitsi aakulu, mabwana ndi atsogoleri a mipingo amene aiŵala udindo wao. Kumeneko mudzi unkatchulidwa ndi dzina lake, pansi pa mfumu yake yaikulu, ndipo wolankhula anali mwini nkhani. Kanema wathu sanabalebe chinthu chofanana nacho.

Funso limeneli likutikhudza ifenso, abale ansembe ndi inu amene mukukonzekera unsembe, pakuti Mpingo uli ndi zida zake zofalitsira nkhani. Ku Likuni kunkasindikizidwa The African, imene pambuyo pake inatchedwa Odini, dzina lochokera pakhomo penipeni pa Mcheŵa. Lero kuli Radio Alinafe ku Maula, ndi Luntha TV imene a Montfort anayambitsa ku Balaka mu 2007. Chikalata cha Communio et Progressio cha 1971 chimaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wolandira nkhani ndiponso wopereka nkhani. Mbali yachiŵiriyi ndi imene timaiiŵala. Nkhani zathu za parishi nazonso zimakonda kuyamba ndi kufika kwa Ambuye Episkopi ndi kutha ndi kunyamuka kwao, ngati kuti Nambuma amakhalapo tsiku la Ulimbitso lokha.

Chonsecho palibe wailesi ya kanema imene ili ndi atolankhani ofalikira monga miphakati imene Sinodi ya dayosizi ya Lilongwe inakhazikitsa pakati pa 1973 ndi 1975, m'nthaŵi ya Ambuye Patrick Kalilombe. Mphakati umadziŵa mtengo umene mavenda akugulira soya sabata ino, mlatho umene wakokoloka, ndi sukulu imene ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Foni yojambula zithunzi ilipo kale m'matumba a achinyamata ambiri, ndipo nkhani zikuyenda kale pa WhatsApp popanda wozisefa. Chosoŵa ndi munthu wophunzitsidwa kufunsa mbali zonse ziŵiri asanatumize, ndi mkonzi ku Maula kapena ku Balaka wolola kupatula mphindi khumi pa sabata zoti zitchedwe ndi dzina la Nsaru kapena Namitete.