John Barrymore: Ng'oma Imene Inalira Bwino

Alipo amene amati luso la zisudzo limayenda m'magazi monga ufumu uyendera m'mbumba, ndipo akafunsidwa umboni amaloza banja la Barrymore la ku America. Pakuti John Barrymore, wobadwira ku Philadelphia m'chaka cha 1882, anali mwana wa Maurice Barrymore ndi Georgiana Drew, onse awiri anthu a pansanja, mdzukulu wa Louisa Lane Drew amene anayendetsa Arch Street Theatre zaka zambiri, mng'ono wa Lionel ndiponso mlongo wa Ethel. Koma ine ndiyesa kuti cholowa chimenechi chinangomutsegulira chitseko basi. Mtima wa mnyamatayo unali pa kujambula. Pansanja anakwerapo chifukwa chosowa ndalama, ndipo kwa zaka zochuluka anadyera nkhope yake yokongola m'masewero oseketsa.

Luso lenileni analipeza m'thukuta la nkhope yomweyo. Pokonzekera kusewera Richard III m'chaka cha 1920, ataona kuti liwu lake silikanatha kusenza mawu a Shakespeare, munthu wamkulu ndi wotchuka kale uja anadzichepetsa nakakhala pa mapazi a Margaret Carrington, mayi amene kale anali woyimba, kuti aphunzire za ana: kukoka mpweya, kutulutsa liwu kuchokera pansi pa chifuwa m'malo mwa pakhosi, ndi kuyenda ndi chiganizo chachitali kufikira kumapeto kwake osachidula pakati. Chipatso chake chinali Hamlet wa mu 1922 ku New York, amene anamusewera maulendo 101, kupambana ndi limodzi lokha maulendo 100 amene Edwin Booth, munthu wina wa pansanja, anamusewera kale, nakamusewerabe ku London mu 1925. Koma ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Za maukwati ake anayi, amene onse anatha, sindikadazilowa (pakuti za m'nyumba ya eni sizifukulidwa) akadapanda mwini wakeyo kuzitulutsira pabwalo. Katherine Harris, amene anamukwatira mu 1910, anasewera naye. Blanche Oelrichs, mlembi wodzitcha Michael Strange, anamulembera Clair de Lune, sewero limene John anakokeramo ndi Ethel yemwe mu 1921, koma oweruza za zisudzo sanalikomere mtima. Dolores Costello anamupeza pojambula kanema wa The Sea Beast. Sanadziwe kukonda mkazi popanda kumuimika pamaso pa oonerera, ndipo mpanda wolekanitsa nyumba ndi nsanja unanka nugwa.

Unagweratu pa ukwati wachinayi, wa Elaine Barrie, mtsikana womuchepera ndi zaka zoposa 30. Pamenepo n'kuti mowa utamudya nzeru, kotero kuti iye amene anasunga Hamlet yense pamtima anafika powerenga mawu ake pa matabwa oimikidwa kuseri kwa makina ojambulira. Mu 1939 anabwerera pansanja ndi My Dear Children, nasewera nkhalamba ya zisudzo za Shakespeare imene mbiri yake inatha, Elaine nakhala mwana wake wamkazi, amene m'chigawo china John anayenera kumugoneka pamiyendo ndi kumukwapula. Ku Chicago anthu anadzaza nyumba miyezi yambiri, koma chimene anadzera sichinali sewero ayi: anadzaona ngati adzandima, ngati aiwala mawu ndi kuyamba kucheza nawo, ngati atulutsa za mkazi wake. Iye anadziwa chimene anali kugula, nawagulitsa mosaumira; ndipo liwu lija la kwa Carrington, limene silinamuchokere konse, ndilo linkafikitsa nthabwalazo kwa wokhala pampando wakumbuyo. Anamwalira mu 1942, ali ndi zaka 60.