Khutu la Sherry Lansing

Mu 1970, Sherry Lansing adasewera mufilimu ya Rio Lobo limodzi ndi John Wayne, koma mwini wake sadakhutire ndi kaseweredwe kake. Adasiya, nayamba ntchito yomwe ambiri amaiderera: kuwerenga milu ya nkhani zomwe alembi amatumiza, n'kusankhapo yoyenera kujambulidwa. Ine ntchito imeneyi ndimaivulira chipewa. Wowerenga amayenera kumva mawu apapepala ngati akutuluka kale m'kamwa mwa munthu, ndipo amene adaimapo pamaso pa kamera sachedwa kuzindikira chiganizo chomwe chingamutsamwitse wosewera.

Mu 1980 Lansing adakhala mayi woyamba kutsogolera ntchito yopanga mafilimu ku 20th Century Fox. Ku Paramount, komwe adatenga utsogoleri mu 1992, kudatuluka Forrest Gump, Braveheart ndi Titanic, yomwe ndalama zoipangira adasonkherana ndi Fox.