Ng'oma ya m'chalichi imakonzedwa belu lisanalire

Mu 1958, kwaya ya anyamata a ku Kamina, m'dziko la Congo, inaimba Missa Luba ndi ng'oma, ndipo dziko linamva kuti Misa ingaimbidwe ndi maimbidwe a ku Africa. Mu 1963, msonkhano wa Vatican II unavomereza kuti zoimbira zina, kuwonjezera pa limba, zilowe m'mapemphero ngati zikuthandiza anthu kupemphera. Khomo limene anatsegula pamenepo ndi limene ng'oma zathu zinalowera, kuyambira ku Fonte Boa mpaka ku Furancungo. Cimene ndikudandaula n'cakuti lero ng'omayo tikuitenga ngati cinthu congotola pakona belu likalira.

Ndiyambe ndi moto. Kuno ku Tsangano, mu Juni ndi Julayi, nkhungu imagona pamapiri mpaka dzuwa litakwera. Cikopa cimamwa cinyezi, cimafooka, ndipo ng'oma imalira ngati mukumenya thumba la mbatatesi. Makolo athu anali ndi mankhwala ake: kuwamba ng'oma pamoto wa udzu kapena mapesi, kuitembenuza pang'onopang'ono, kumaigogoda ndi cala mpaka mawu atabwerera. Woimba ng'oma amene wafika opanda macisi ndi mtolo wa udzu wouma wasiya theka la zida zake kunyumba. Asaiwalenso phula lomata pakati pa cikopa kuti mawu akhale akuya, zikhomo zapadera ndi kanyundo kokhomera zikakhwepa, ndi cingwe copacikira ng'oma kudenga pambuyo pa Misa. Ikagona pansi sabata yonse, ciswe cimadya mtengo, makoswe n'kumaliza cikopa.

Koma cida cacikulu ndi khutu. Ku bwalo la gule, mbalule amalamula miyendo ya wovina, ndipo ena onse amamutsata. M'chalichi zinthu zimatembenuka: amene akulamula ndi mawu a nyimbo. Ndamva anyamata aluso ndithu akuimba ngati ali pa ukwati, gunda akugunda mpaka amayi a kumbuyo osamvanso kuti salimo ikuti ciyani. Pamenepo luso lasanduka phokoso. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika.

N'cifukwa cake woimba ng'oma ayenera kupezeka pa maphunziro a kwaya mkati mwa sabata, osati kungotulukira Lamulungu. Adziwe kuti nyimbo ya Ulemerero ndi ya copereka zimafuna dzanja lotakasuka pamodzi ndi visekese, pamene ya pa Mgonero imafuna nsonga za zala cabe. Adziwenso kalendala ya Mpingo: mu Lenti Ulemerero suimbidwa Lamulungu, ndipo zoimbira zimangogwiriziza mawu. Amene wapumitsa manja milungu imeneyo, ng'oma yake imamveka yatsopano usiku wa Pasaka.

Ena akuti mavuto onsewa anatha ndi kiyibodi, popeza ili ndi ng'oma zake m'kati ndipo sifuna moto. Sindikuikana, imathandiza kwaya kupeza poyambira nyimbo. Koma kugunda kwa makina sikudikira munthu. Agogo akacedwa kupuma, makina amangopitirira. Mzere wa copereka ukatalika ndi madengu a cimanga, makina sadziwa kufewetsa kapena kukweza. Woimba ng'oma wamoyo amaona zonsezi ndi maso. Ndipo batire ikatha pakati pa nyimbo, mpingo umene unasiya ng'oma zake kuti ziwole umatsala ndi kuomba m'manja basi.

Pempho langa kwa akuluakulu a mipingo, kaya ndi Akatolika kapena ena, ndi ili: pa ndalama zimene mukusonkhera sipika, patulanipo zogulira cikopa ca ng'ombe. Funani mkulu wodziwa kusema ndi kukunga ng'oma akadali moyo, mum'patse anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu aziphunzira. Ndipo woimba ng'oma azifika ola limodzi belu lisanalire, udzu uli m'manja.