Maluwa ndi Nyimbo pa Phiri la Tepeyac

Mwa zolembedwa zonse za m'Chinahuatl, chinenero cha Aaziteki a ku Mexico, palibe yotchuka koposa nkhani ya Nican Mopohua. Anaisindikiza mu 1649 ndi wansembe Luis Laso de la Vega, koma ambiri amati anailemba ndi Antonio Valeriano, mbadwa ya dzikolo.

Nkhaniyo imati mu 1531, patapita zaka 10 chigwere mzinda wa Tenochtitlan m'manja mwa Asipanya, Maria Virigo anaonekera kwa munthu wamba, Juan Diego, pa phiri la Tepeyac, namtuma kwa Bishopu Juan de Zumárraga kukapempha kuti ammangire kachisi. Bishopuyo atafuna chizindikiro, Juan Diego anamtengera maluwa m'chofunda chake, ndipo pochifunyulula panaoneka chithunzi cha Maria.

Mphamvu ya nkhaniyi yagona m'mawu ake. Maria alankhula Chinahuatl, ndipo potchula Mulungu agwiritsa maina amene makolo a Juan Diego ankatchula Akhristu asanafike, monga Ipalnemohuani, ndiye kuti Iye amene anthu akhala ndi moyo mwa Iye. Nkhaniyo iyamba ndi kuyimba kwa mbalame, nitha ndi maluwa. Ndipo kwa Aaziteki "maluwa ndi nyimbo" linali dzina la ndakatulo. Motero Msipanya ankamvamo chozizwitsa cha Chikatolika, pamene mbadwa inkamvamo liwu la kwawo.

Koma si onse anakondwa ndi kusanganiza kotere. Wansembe Bernardino de Sahagún anadandaula kuti anthu opita ku Tepeyac ankatcha Maria Tonantzin, ndiye kuti Mayi Wathu, dzina limene ankaitanira mulungu wamkazi wakale. Iye anaopa kuti chipembedzo chakale changovala malaya atsopano.

Kufooka kwa nkhaniyi kuli pa mbiri. Pakati pa 1531 ndi 1649 pali zaka 118, ndipo m'zolemba za Zumárraga zimene zatsala mulibe mawu a Juan Diego. Tsono woiwerenga ngati umboni wa zochitika adzakhumudwa. Koma woiwerenga ngati umboni wa mtima wa anthu ogonjetsedwa adzapindula.

Apa mphunzitsi wa chinenero cha makolo ayenera kusamala. Liwu lakale likapatsidwa katundu watsopano silitula wakaleyo msanga, ndipo mwana amene amva liwulo m'kalasi amamva zonse ziwiri.