Luso losunga fodya wouma ku Rumphi

Kuchokera m'chigwa cha Henga, kudutsa ku Bolero m'dera la Nkhamanga, mpaka ku Hewe kufupi ndi malire a Zambia, zigafa zimayamba kudzaza mu Januwale ndi Febuluwale. Koma msika wa fodya wa ku Mzuzu kawirikawiri umatsegulidwa pambuyo pa misika ya Lilongwe, Chinkhoma ndi Limbe, cha kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, ndipo alimi ena mabelo awo amalowa mu okushoni mu Julaye kapena Ogasiti. Pakati apa pali miyezi ingapo yomwe tsamba louma liyenera kukhala pakhomo osavunda, osafumbutuka, osataya fungo ndi mtundu wake. Ambiri amatama mlimi akaona munda wobiriwira. Ine ndimamuyeza pa miyezi imeneyi, chifukwa ntchito yake imagwiridwa popanda sikelo kapena makina oyezera chinyezi. Zida zake ndi chikhatho, khutu ndi mphuno.

Tsamba la fodya wa burley likauma silikhala chimodzimodzi tsiku lonse. Usiku limamwa chinyezi cha mumpweya n'kufewa, masana limachibweza n'kuuma gwa. Likauma kwambiri limathetheka ukangolikhudza, ndipo zomwe mlimi anavutikira kuyambira ku nazale zimasanduka zinyenyeswa za mtengo wotsika. Likanyowa kwambiri limachita chuku. Kusunga fodya ndi kumugwira pa kampata kakang'ono ka pakati pa mavuto awiriwa, kwa masabata ochuluka, nyengo ikusinthasintha.

Ntchitoyi imayambira m'chigafa momwe. Masamba othyoledwa amabooledwa kutsinde ndi singano yaikulu, n'kusokedwa pa chingwe, kenako n'kupachikidwa pa mikangala. Manja a osoka amada bii ndi utomoni. Wopachika amasiya mpata woti mphepo idutse pakati, koma osati waukulu kwambiri, chifukwa tsamba likauma mofulumira limauma lidakali lobiriwira ndipo mtunduwo suchokanso. Burley saumitsidwa ndi moto ayi. Denga laudzu limamupatsa mthunzi, mbali zotseguka zimamupatsa mphepo, iye n'kumafota, kuchita chikasu, kenako kufiirira pang'onopang'ono kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Chomaliza kuuma ndi msana wa tsamba, mtsempha waukulu wa pakati uja. Tsamba lonse likhoza kuoneka louma bwinobwino pamene msanawo ukadali ndi madzi m'kati, makamaka kutsinde komwe ndi konenepa. Choncho asanatsitse mkangala, mlimi wodziwa amapinda msana wa masamba angapo pafupi ndi khutu lake. Ukathyoka n'kulira kuti thwa, fodya wauma. Ukangopindika osalira, mkangalawo umatsala m'mwamba, ngakhale malo m'chigafa akusowa chifukwa kumunda masamba ena akhwima. Kudziletsa kumeneku kumandichititsa chidwi, pakuti misana yochepa chabe yaiwisi imatha kuvunditsa mulu wonse.

Kutsitsa kumachitika m'bandakucha, mame asanakamuke. Mlimi amatenga tsamba, kulifumbata, kenako n'kutambasula dzanja. Likalira phokoso ndi kusweka, ndiye kuti lidakali louma, ayembekeze. Likakhala lofinyika osafunyululuka, lamwa chinyezi chambiri. Lomwe lili bwino limafunyululuka lokha pang'onopang'ono, lofewa ngati chitenje chomwe chachapidwa kambirimbiri, koma msana wake ukuthyokabe. Akaona zimenezi amangoti fodya wafewa, ndipo banja lonse la akuluakulu limathamangira kuchigafa, chifukwa dzuwa likangotuluka mpatawo watha.

Ku Rumphi mpata umenewu ndi waufupi. Chigwa cha Nkhamanga chili kuseri kwa mapiri a Nyika ndipo chimalandira mvula yochepa poyerekeza ndi madera a kunyanja. Mvula ikangoleka, mpweya umauma msanga, ndipo pofika Juni ndi Julaye mphepo yozizira imaumitsa tsamba mpaka kulisiya losagwirika. Apa ndi pomwe yesero limabwera, loti munthu awaze madzi pa fodya kuti afewe msanga ndi kulemera pa sikelo. Wodziwa ntchito sachita zimenezo. Madzi owazidwa amasiya madontho akuda ndipo amakaonekera belo likatsegulidwa. Ngati pafunika chinyezi, amathira madzi padothi pansi pa chigafa madzulo, n'kutchinga mbali zomwe mphepo ikuchokera, kuti tsamba limwe lokha kuchokera mumpweya usiku wonse.

Kenako pamabwera sitaki, mulu woyalidwa mwadongosolo, yomwe kwa ine ndi mtima wa luso lonseli. Siyalidwa padothi, chifukwa nthaka imatulutsa chinyontho komanso chiswe sichichedwa. Amamanga kathandala ka matabwa kapena nsungwi, kotalikirana ndi khoma, m'chipinda cha mdima chomwe denga lake silidontha. Masamba amagonekedwa matsinde akuloza kunja, nsonga zikukumana m'kati, mzere pamwamba pa mzere. Kagonekedwe kameneka kali ndi chifukwa chake: tsinde, lomwe limasunga madzi, limakhala pomwe mpweya ukulifikira, pamene mbali yopyapyala ya tsamba, yomwe ndi yosachedwa kusweka, imabisika m'kati momwe chinyezi sichithawa. Pamwamba amafunditsa ziguduli kapena mphasa. M'sitakimo masamba amagawana chinyezi, ouma kwambiri n'kulandira kwa ofewa, mpaka onse afanane. Kubiriwira kochepa komwe kunatsalira kumazilala, mtundu umakhazikika, ndipo fungo lakuthwa la tsamba latsopano limasanduka lokoma, la fodya wokhwima.

Koma sitaki siisiyidwa yokha. Pakapita masiku ochepa mlimi amalowetsa mkono m'kati mpaka m'phewa. Akamva kuzizira, zonse zili bwino. Akamva kufunda, ndiye kuti penapake panalowa tsamba lonyowa ndipo layamba kuwira. Amasolola masamba a pakatikati n'kuwanunkhiza. Sazengereza: amaphwasula sitaki yonse, kukung'untha masamba kuti apitidwe mphepo, kuchotsa omwe ayamba chuku, n'kuyalanso, a m'kati kuwaika kunja ndi a kunja kuwalowetsa m'kati. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Luso limeneli kale linali la m'maesiteti, poti burley ankaloledwa kwa eni maesiteti okha. Kuyambira 1990, pamene boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kumulima, linafalikira m'midzi, ndipo ambiri analiphunzira poona manja a anzawo omwe anagwirapo utenanti.

    

Kusankha kumachitika pang'onopang'ono, kutapa ku sitaki zokwanira tsiku limodzi, zotsala n'kuzifunditsanso. Wosankha amakhala pamalo owala koma opanda dzuwa lachindunji, n'kumasiyanitsa masamba a m'munsi mwa mtengo, opyapyala ndi otuwa, ndi a pakati, ndi a kunsonga omwe ndi okhuthala ndi ofiira kwambiri. Amaonanso kutalika, mtundu ndi zilema. Ofanana amamangidwa timitolo, ndipo chomangira ndi tsamba la giredi yomweyo, lopindidwa bwino n'kukulungidwa kutsinde, nsonga yake n'kuisomeka pakati. Mfundo imeneyi simasuka ngakhale mtolo utakung'unthidwa, koma mulibe chingwe chilichonse. Ogula amadana kwambiri ndi kachidutswa ka pulasitiki, ulusi wa thumba la feteleza kapena nthenga ya nkhuku, choncho pabwalo losankhira pamasesedwa ndipo nkhuku zimatsekeredwa.

Podinda mabelo, chiguduli chimayalidwa m'bokosi la jeke yopanikizira fodya, timitolo n'kugonekedwa monga m'sitaki muja, matsinde kumbali. Jeke imatsitsidwa mwapang'onopang'ono, kuima, kuwonjezera timitolo, kutsitsanso, mpaka belo lifike makilogalamu pafupifupi 100. Kupanikiza mopitirira kumamatanitsa masamba n'kuwadetsa, ndipo kudinda fodya wouma kwambiri kumamuphwanya m'kati momwe diso silifika. Akasoka chiguduli ndi kulemba nambala ya mlimi, belo limaikidwa pamatabwa, kutali ndi parafini, sopo, utsi wa kukhitchini ndi mankhwala a m'munda, chifukwa burley amakoka fungo lililonse lomwe lili pafupi. Khalidwe lomweli ndi lomwe makampani a ndudu amamufunira: ali ndi shuga wochepa ndipo amamwa bwino zokometsera zomwe amamuthira.

Ku okushoni belo limatsegulidwa, timitolo n'kusololedwa pakati penipeni. Likapezeka lonyowa, la chuku kapena losakaniza magiredi, limabwezedwa kuti likakonzedwenso, mlimi n'kulipira ndalama zina. Lomwe ladutsa limapita kumafakitale monga a Limbe Leaf ndi Alliance One ku Kanengo. Kumeneko makina amalekanitsa tsamba ndi msana wake, kuliumitsanso, kulibwezera chinyezi choyezedwa cha pafupifupi magawo 12 kapena 13 pa 100 alionse, n'kulipanikiza m'makatoni a makilogalamu pafupifupi 200. Makatoniwo amatuluka m'dziko kudzera ku madoko monga Beira, Nacala ndi Durban, ndipo fodyayo amatha kukhala m'nyumba zosungira chaka chimodzi kapena ziwiri, akukhwimabe, asanadulidwe.