Ng'oma za ku Mua ndi Makutu a Wansembe

Pali bodza limene ife ophunzira timalikonda, lakuti munthu amasankha nyimbo ndi khutu lake basi, chokoma n'chokoma. Wokhulupirira zimenezi apite ku Mua tsiku la maliro a mkulu wa mudzi, mbalule itayamba kulira kubwalo, akaone amene akuthamangira komweko ndi amene akukokera ana m'nyumba natseka chitseko. Ng'oma ndi imodzi, makutu onse ali nawo. Koma wina wamva makolo akubwera kudzaperekeza mnzawo, wina wamva chiyeso choti chimuchotsetsa pa masakramenti.

Mkanganowu ndi wakale. Ansembe a White Fathers anakhazika mishoni pa Mua mu 1902, pakati pa Achewa a gule ndi Angoni a Kachindamoto. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lotchedwa Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, anafotokoza momwe mishoni ndi dambwe zinalimbanirana m'zaka za m'ma 1920. Chimene ankalimbirana ndi mwana wamwamuna yemweyo: kodi usiku agone akuloweza katekisimu kapena nyimbo za kudambwe? Anyau sanangokhala chete. Anatulutsa Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, anatulutsanso Maliya. Ulaliki anaumvetsera bwino lomwe, nauyankha pabwalo ndi miyendo.

Mpingo unasintha maganizo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican. Chikalata cha 1963 chonena za mapemphero chinalola kuti nyimbo za eni dziko zipatsidwe ulemu ndi malo, ndipo ng'oma imene dzulo inali ya Satana inalowa m'tchalitchi osalapa tchimo lililonse. Bambo Claude Boucher, a ku Canada, amene analandira mfunda wa Chisale, anafika m'Malawi mu 1967 nayambitsa Kungoni pa Mua mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yotchedwa dzina limene anthu anapatsa Bambo Champmartin, anasonkhanitsamo zigoba za gule mazanamazana. Mu 2012 anatulutsa buku la When Animals Sing and Spirits Dance, m'mene muli zilombo, nyimbo zake ndi matanthauzo ake. Ndi bukuli limene ndifuna kulimbana nalo.

Ndiyambe ndi kuvula chipewa. Ambiri a ife obadwira m'midzi ya gule sitinalembepo ngakhale nyimbo imodzi, ena chifukwa cha mantha a chinsinsi, ena chifukwa cha manyazi a sukulu. Bambo Boucher anakhala pansi ndi akuluakulu zaka zambiri, nafunsa, nalemba. Anaonetsa kuti nyimbo ya gule si phokoso: imadzudzula mkamwini waulesi, mfumu yadyera, mwamuna wosasamala banja, ndipo zina zinkalasa ndale za nthawi ya Kamuzu mophiphiritsa, anthu akuseka ngati palibe kanthu. UNESCO italengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko, Kungoni inali itayamba kale kunena zomwezo.

Koma ndikawerenga matanthauzo aja motsatizana, ndimamva ngati ndili pa Misa. Pafupifupi chilombo chilichonse chikutsiriza ndi phunziro la mwambo, nyimbo iliyonse yasanduka kaulaliki. Sindikunena kuti mwambo mulibe. Ulimo, ndipo akuluakulu a gule eni ake amatero. Ndikunena kuti khutu la wansembe, ngakhale likonde chotani, limatola zimene lingathe kudalitsa. Nanga nyimbo zolaula zimene amayi amayankha akugwa ndi phwete, osafuna kuphunzitsa munthu aliyense? Nanga mantha enieni a mwana wothamangitsidwa ndi chilombo chonyamula chikwanje? Wansembe wa 1925 anamva mdierekezi m'ng'oma, wa 1976 anamvamo Chauta akulankhula kudzera mwa makolo. Wachiwiriyu ndiye bwenzi lathu, inde, koma onse awiri anafika pabwalo atanyamula kale chimene adzamve.

Ndipo tisaganize kuti ndi matenda a Akatolika okha. A Sinodi ya Nkhoma akhala akudula Mkhristu wopezeka kugule. Kunyanjaku, pakati pa Asilamu, panabuka mkangano wofanana m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940: a Kadiriya ankaperekeza maliro ndi sikiri, akuimba ndi kupuma mwamphamvu, pamene a sukuti, dzina lochokera ku liwu lachiarabu lotanthauza kukhala chete, ankati maliro apite mwakachetechete. Anthu a Mulungu mmodzi ndi Buku limodzi anasiyana pa funso lakuti kumanda kumveke chiyani. Kamuzu naye, mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ankaitana zilombo ku misonkhano ya chipani masana dzuwa likuswa mtengo. Ankamva chiyani m'ng'omazo? Ndiganiza ankamva dzina lake.

Chimene bukuli silingathe kugwira ndi ichi: ambiri a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka sakhala mbali imodzi ya chitseko moyo wawo wonse. Pa gule, oimba kwenikweni ndi amayi. Chilombo chimayambitsa ndi mawu ake osinthika aja, amayi n'kulandira, akuomba m'manja. Ena mwa amayi omwewo Lamulungu amavala yunifolomu ya kwaya, ndipo pa ukwati amavina nyimbo za Alleluya Band, gulu limene linabadwira pa parishi ya Balaka. Womwalira akakhala malume awo a gule, amapita kubwalo chifukwa maliro sakanidwa. Akakhala mnzawo wa m'mphakati, amachezera ndi nyimbo za mpingo mpaka mbandakucha. Chimene akhulupirira kwambiri ndi ubale, ndipo ubalewo ndiwo umawasankhira nyimbo ya usiku umenewo. Akatswiri amati uku n'kusakaniza zipembedzo. Ine ndiona anthu odziwa kuti malemu aliyense ali ndi kaperekezedwe kake.

Pa pepala, nyimbo ya Kasiyamaliro imatenga mizere yowerengeka, ndi Chingerezi pambali pake, ndi tanthauzo m'munsi mwake. Pabwalo mizere yomweyo imabwerezedwa mpaka fumbi litakwera, ndipo amene amadziwa nthawi yoisiya n'kuyamba ina ndi amayi aja ndi mwini mbalule. Ndikadakonda wina wa m'gulu lathu lino, makamaka mwa alongo athu ochokera kunsi kwa phiri la Dedza, akakhale nawo amayiwo ndi chojambulira mawu, akawafunse nyimbo zimene amakana kuyankha ngakhale ng'oma itakoma, ndi chifukwa chake.