Kuwerenga Mark Tomlinson ndili ndi mwana wa eni kumbuyo

M'mawa uliwonse ndimakwera basi ya MyCiTi ku Hout Bay n'kukatsika ku Camps Bay, kumene ndimalera mwana wa eni. Ikamakwana 10 koloko, mumsewu wa Victoria, m'mbali mwa nyanja, mumakhala ife: amayi a ku Malawi, a ku Zimbabwe ndi a konkuno, aliyense akukankha chikuku. Wanga mwana ali kwa agogo ake ku Ntcheu. Ndinamusiya ali ndi zaka 2, pano ali ndi 9. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe amene akuweruza ntchito ya Pulofesa Mark Tomlinson wa pa yunivesite ya Stellenbosch, katswiri wa zamaganizo amene watha zaka zoposa 25 akufufuza za amayi ndi makanda awo. Dzina lake ndinalimva ku maphunziro a kaleredwe ka ana amene ndimapita Loweruka, ndipo kuchokera apo ndimawerenga mapepala ake pafoni mwana akagona masana.

Ntchito yake yodziwika kwambiri inachitikira ku Khayelitsha, kuseri kwa phiri la Table ukachokera kuno. Mu 1999, iye pamodzi ndi Peter Cooper, Lynne Murray, Leslie Swartz ndi anzawo ena anasindikiza zimene anapeza kwa amayi 147 amene anali atatha miyezi iwiri chiberekereni. Pafupifupi 35 mwa amayi 100 alionse anali ndi matenda ovutika maganizo, ndipo amayi otero ankavutika kumva zofuna za khanda lawo. Kwathu mayi akatuluka m'chikuta ali duu, osaseka ndi mwana, osadya, timati ndi ulesi, kapena timayamba kuloza zala. Pepalali linasonyeza kuti ndi matenda, ndipo kuti sagwira azungu okha. Ku Malawi nako, kafukufuku wa Robert Stewart ndi anzake ku Thyolo, amene anatuluka mu 2008, anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo ankatsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo.

Sanalekere pa kuwerengera odwala. Anayambitsa ndondomeko yotchedwa Thula Sana, mawu a Chixhosa otonthozera khanda. Anaphunzitsa amayi wamba a ku Khayelitsha komweko, osati anamwino, kuti aziyendera mayi maulendo 16, kuyambira ali woyembekezera mpaka mwana atayandikira miyezi 6, n'kumamusonyeza zimene khanda limatha kuona, kumva ndi kuyankha. Amayi 449 anagawidwa pawiri mwamaere, ena oyenderedwa ndi ena osayenderedwa. Zotsatira zinatuluka mu 2009 m'magazini ya zachipatala ya BMJ: ana atakwana miyezi 18, 74 mwa 100 a amayi oyenderedwa ankadalira mayi awo mopanda mantha, pamene kwa enawo anali 63. Kusiyanaku si kwakukulu, koma n'kwenikweni, ndipo kunabwera ndi amayi onga ine. Mfundo zoterezi ndi zimene zili m'chikalata cha Nurturing Care chimene mabungwe a WHO, UNICEF ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse anatulutsa mu 2018, ndipo Tomlinson anali mmodzi wa amene anachilemba.

Komabe pepala limene ndimamulemekeza nalo kwambiri ndi limene silinamukomere. Iye ndi anzake anabwereranso kwa ana a Thula Sana atakwana zaka 13. Anapeza kuti amayi amene ankayenderedwa aja anali ndi mtima wopepukirako, koma pa nzeru ana awo sankasiyana ndi anzawo. Anasindikiza zimenezi poyera, ndipo mutu wa pepalalo ukufunsa ngati masiku 1,000 oyamba a moyo ali okwanira kwa mwana. Mabungwe ambiri amapempha ndalama ndi mawu akuti ukakonza masiku 1,000 amenewo wakonza moyo wonse. Munthu amene dzina lake linakwera ndi mfundo yomweyo anavomera kuti maulendo 16 sangagonjetse zaka 13 za umphawi, sukulu zodzaza ndi njala. Wofufuza amene amatha kunena kuti apa sizinatheke, ndimamukhulupirira akanena kuti apa zatheka.

Palinso pepala lina laling'ono limene ndi ndodo yabwino yoyezera iye mwini. Mu 2003, iye ndi Leslie Swartz anawerengera nkhani za makanda zimene zinatuluka m'magazini 12 a akatswiri pakati pa 1996 ndi 2001. Anapeza kuti 94 mwa nkhani 100 zilizonse zinalembedwa ku Ulaya kapena ku North America, chonsecho ana oposa 90 mwa 100 amabadwira m'mayiko osauka. Atabwereza kuwerengera mu 2014, zinthu zinali zisanasinthe kwenikweni. Choncho zimene mabuku amati "mwana" kawirikawiri ndi mwana wa ku Boston kapena ku London.

Ndodo yomweyi ndikaiika pa Thula Sana, ndimaona mipata iwiri. Woyamba ndi wa muyeso. Kudalira mayi kuja anakuyeza ndi njira ya Mary Ainsworth: mayi amatuluka m'chipinda, mwana n'kutsala ndi mlendo, ndipo ofufuza amaona mmene mwanayo amulandirire mayi akabwerera. Ainsworth anayamba kuonerera makanda ku Uganda m'ma 1950, koma njira yoyezerayi anaikonzera ku Baltimore, ku America, kumene mwana amakulira m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Ku Ntcheu khanda limachoka kumbuyo kwa mayi kupita kwa azakhali, kwa agogo, kwa mtsikana wa zaka 10 wa nyumba yoyandikana. Kodi muyeso woyang'ana mayi yekha ungaone chitetezo chimene mwana amapeza kwa anthu onsewa? Kuti muyeso ungasulidwe kwathu konkuno zinaoneka kale: mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake a ku Malawi anatulutsa chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT, chopangidwa ndi zinthu ndi masewera amene ana a kumudzi amadziwa.

Mpata wachiwiri ndi umene ndimakhalamo ine. Mapepala onse ndatchulawa amayang'ana mayi ndi mwana amene ali pansi pa denga limodzi. Koma dera lino la Africa lakhala likulekanitsa makolo ndi ana kuyambira nthawi ya Wenela, pamene azibambo ankapita ku migodi ya ku Joni. Lero tikupita ndife amayi. Zonse zimene ndaphunzira, kuyang'ana khanda m'maso, kudikira kuti liyankhe, kutchula dzina la chinthu chimene laloza, ndimazichita bwino, ndipo amapindula nazo ndi mwana wa ku Camps Bay. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwanayu ndimamukondadi. Koma wanga amandidziwa pa WhatsApp Lamulungu madzulo, netiweki ikalola, ndipo akadwala usiku amaitana agogo ake. Mayi wa zaka 63 amene akulera mwana wangayo ndiye anafunika kuyenderedwa maulendo 16. M'mapepalawa mulibe funso lokhudza iye.

N'zoona kuti wofufuza mmodzi sangafunse mafunso onse, ndipo sindikumuimba mlandu wa malire a mayiko kapena wa kugwa kwa kwacha. Chimene ndikunena n'chakuti amene anatiphunzitsa kufunsa kuti akulemba ndani, ndipo akulemba za yani, ayenera kulola kuti funsolo limubwerere. Pamwamba pa pepala la mu 2009 pali mayina a akatswiri. Amayi amene ankagogoda pa zitseko za malata mulibe mayina awo pamenepo. Ndipo zonse zili m'Chingelezi cha ku yunivesite, chimene ine ndimachiwerenga ndi dikishonale pambali. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Ntcheu kapena mlezi wa pa sukulu ya mkombaphala sangathe kuzifikira, chonsecho ndiwo angazigwiritse ntchito mawa lomwe.

Mng'ono wanga ku Balaka ali woyembekezera. Mwezi watha ndinamasulira m'Chichewa mfundo zingapo za Thula Sana n'kumutumizira m'mawu pafoni, ndipo ndinamuuza kuti akadzamva mtima kulemera atachira, asadzabise, adzapite kukauza anamwino. Anandiyankha kuti wamva, kenako anandifunsa ngati ndibwere pa Khirisimasi. Ndinamuuza kuti ndikufunsa abwana kaye.